Chithunzi Chofanana ndi Chithunzi Choona

M'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira ku Kande kudutsa pa Chintheche mpaka kukafika ku Nkhata Bay, anyamata ogulitsa ziboliboli amayalanso zithunzi zopenta pansalu. Mumapeza dzuwa likutuluka m'nyanja, asodzi awiri ali m'bwato, mayi atasenza ndowa mwana ali kumsana. Wogula akafuna kuyamikira amati, "Koma ndiye zafanana!" Umenewu ndiwo muyeso umene ambirife timayezera luso, ndipo pansi pake pagona ganizo lina lalikulu limene sitilifunsa n'komwe, lakuti chimene diso laona munthu ataima pamalo amodzi, pa kamphindi kamodzi, ndicho choonadi cha chinthucho. Zaka zoposa 100 zapitazo amisiri awiri achinyamata a mumzinda wa Paris, Pablo Picasso ndi Georges Braque, analikana ganizo limeneli, ndipo kajambulidwe kawo kanatchedwa Cubism. Munthu woona zithunzi zawo koyamba amaseka, n'kunena kuti ngakhale mwana wa sitandade 2 angachite bwino kuposa pamenepo. Ine ndikuti anthuwa anafunsa funso loyenera, ndipo funsolo limakhudzanso aliyense amene anaweruzapo mlandu, amene amawerenga Baibulo, kapena amene anakambapo za mnzake iye kulibe. Kodi munthu woima pamalo amodzi angadziwe chinthu chonse? Nanga ngati sangathe, ndiye kuti choonadi kulibe, aliyense azingonena zake?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti kufanana kumene timakuyesa kwachibadwa ndi mwambo wochita kuphunzira, ndipo uli ndi kwawo ndi zaka zake. Ku Florence, m'dziko la Italy, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, Filippo Brunelleschi anasonyeza lamulo lojambulira loti zinthu zakutali zizichepa ndipo mizere yonse izikakumana pa kadontho kamodzi. Pofuna kuti anthu akhulupirire, anaboola kabowo pa thabwa limene anajambulapo, n'kumauza woona kuti asuzumire ndi diso limodzi pakabowopo, aone chithunzicho pa galasi. Mu 1435 Leon Battista Alberti analemba lamuloli m'buku, nayerekeza chithunzi ndi zenera lotsegula. Kwa zaka pafupifupi 500 ojambula a ku Ulaya anayenda m'njira imeneyi, ndipo anapanga zinthu zokongola zedi, zimenezo palibe angatsutse. Koma kabowo ka Brunelleschi kakutiuza mtengo wa kukongolako. Kuti zenera ligwire ntchito, woona ayenera kutsinzina diso limodzi, mutu usasunthe, nthawi iime. Palibe munthu wamoyo amene amaona motero. Maso athu ndi awiri ndipo sakhazikika, khosi limatembenuka, miyendo imayenda, ndipo pa chilichonse chimene tikuona timaikapo zimene tinaona dzulo. Pamene njira ya Louis Daguerre yojambulira ndi kamera inalengezedwa mu 1839, makina anayamba kugwira ntchito ya zenera ija mofulumira ndi motsika mtengo. Wojambula ndi burashi anatsala ndi funso lakuti, ngati kufanana ndiko kunali ntchito yonse, iye akudikiranji?

Amene anayamba kuligwedeza zeneralo anali Paul Cézanne, yemwe anamwalira mu 1906. M'zithunzi zake za zipatso, mbale imaoneka ngati mukuiyang'ana muli pamwamba pamene mtsuko woyandikana nayo mukuuona cham'mbali, ndipo mphepete mwa tebulo ikalowa kuseri kwa nsalu imakatulukira pena, osati pamene munkaiyembekezera. Sikuti dzanja linkamulaka ayi, ankajambula zimene maso oyendayenda amaona. Mu 1907 Picasso, mbadwa ya ku Málaga ku Spain, ali ndi zaka 25, anapenta chinsalu choposa mamita awiri m'litali ndi m'lifupi momwe, chimene lero chimatchedwa Les Demoiselles d'Avignon ndipo chili ku Museum of Modern Art ku New York. Muli akazi asanu a m'nyumba ya uhule. Awiri apakati maso awo akutiyang'ana maso ndi maso, koma mphuno zawo zajambulidwa cham'mbali. Wina wanyonyomala kudzanja lamanja, watipatsa msana, koma nkhope yake ili kwa ife, ngati kuti wojambulayo anayamba waima kumbuyo kwake, kenako n'kuzungulira, n'kuika zonse ziwiri pansalu imodzi. Anzake omwe anachiona anagwira pakamwa, ndipo chithunzicho sichinaonetsedwe pagulu mpaka 1916. Mu 1908 Braque anakajambula nyumba ndi mitengo ya ku L'Estaque, pafupi ndi Marseille, zitaunjikana popanda thambo lotalikira kumbuyo. Zitaonetsedwa m'sitolo ya Daniel-Henry Kahnweiler mu Novembala chaka chomwecho, mtolankhani Louis Vauxcelles ananyoza kuti mnyamatayu wasandutsa chilichonse timabokosi, ndipo dzina la gululi linachokera m'chitonzo chimenecho. Kuyambira 1909 mpaka 1914 Picasso ndi Braque ankaonana pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zithunzi zawo zinafanana mwakuti nthawi zina sankalemba maina awo kutsogolo kwa nsalu. Juan Gris, Fernand Léger, Albert Gleizes ndi Jean Metzinger analowa m'njira yomweyo, aliyense ndi kayendedwe kake, ndipo awiri otsirizawa analemba buku lofotokoza Cubism mu 1912.

Kuti timvetse chimene ankafuna, tiganize za bwato wosema wa kunyanja kuno. Mukaima pamchenga ku Usisya, bwato umene uli patali pamadzi umangooneka ngati kamzere kakuda. Ukakocheza n'kuuyang'ana muli chiimire, mumaona kuti pakamwa pake n'popapatiza, pongokwana miyendo, pamene mimba yake yatakata mkati. Mukaugubuduza mumapeza zigamba za malata zokhomedwa ndi misomali, ndi phula lotsekera ming'alu. Msodzi wofuna kugula bwato saima pamodzi n'kunena kuti ndauona. Amauzungulira, amaugogoda kuti amve ngati mtengo unafumbwa, amapisa dzanja mkati kuti aone mmene sompho anadyera, amautembenuza, mwinanso kuuyesa pamafunde. Akamachoka, m'mutu mwake muli bwato wonse, ndipo bwato wa m'mutuwo sufanana ndi chithunzi chilichonse chimene kamera ikanajambula, chifukwa waumbidwa ndi maonedwe ambiri olumikizidwa ndi chikumbukiro. Tsono ndani akuudziwa bwatowo, kamera kapena msodzi? Picasso ndi Braque anaimira msodzi. Anafuna kuika pansalu chimene munthu amadziwa atazungulira chinthu, n'chifukwa chake gitala wawo amaonetsa kutsogolo, m'mbali ndi mkati nthawi imodzi, ndipo kapu imakhala ndi kamwa lozungulira pamene tsinde lake lili mzere wowongoka. Chithunzi chotere sichifanana ndi chimene diso laona pakamphindi, komabe chikunena zambiri zoona za chinthucho kuposa chija chofanana.

Apa ndi pamene wotsutsa woyamba amadzuka, ndipo mawu ake ndi olemera. Amati, mukangovomereza kuti chinthu chili ndi mbali zambiri ndipo palibe mbali imene ili yokwana payokha, mwatsegula khomo loti wakuba anene kuti kwa iye sikuba, ndipo wabodza anene kuti iye ndi mmene akuonera. Maganizo oterewa afaladi masiku ano, ndipo ena amawatcha nzeru. Koma zithunzi zenizenizo zikukana kuti Cubism inkaphunzitsa zimenezi. M'zaka za 1910 ndi 1911 Picasso ndi Braque anaphwanya zinthu mpaka kutsala pang'ono kuti zisoweretu, nsalu n'kungodzaza timizere ndi timagawo totuwa ndi tofiirira. Atafika m'mphepete mwa phompho limeneli, sanadumphe. M'chithunzi cha Kahnweiler cha 1910, chomwe chili ku Chicago, Picasso anasiyamo tizizindikiro toti munthu agwirepo: katcheni ka wotchi, tsitsi lopesedwa, manja opingasa pamiyendo. Braque, pamwamba pa chithunzi china cha vayolini yophwanyikaphwanyika, anajambula msomali wooneka ngati weniweni, ndi mthunzi wake womwe. Mu 1911 anayamba kudinda zilembo ndi manambala pansalu, ndipo mu 1912 onse awiri anayamba kumata zinthu zenizeni, Picasso kachidutswa ka nsalu yapatebulo yokhala ndi maluko a mpando, Braque pepala looneka ngati thabwa, kenako zidutswa za nyuzipepala. Anthu okhulupirira kuti kunja kuno kulibe chinthu chenicheni sakadavutika chonchi. Iwo ankabwerera kwa vayolini, kwa botolo, kwa munthu wokhala pampando, chifukwa chinthucho ndi chimodzi ndipo chili ndi ufulu wotsutsa wojambula. Ojambula ena a nthawi yomweyo, monga Wassily Kandinsky ndi Piet Mondrian, anasiyadi kujambula zinthu zooneka, koma Picasso ndi Braque sanawatsatire mpaka imfa.

Mpingo unakumana ndi funso lomweli kalekale, ndipo yankho lake n'lofunika kulikumbukira. Mauthenga Abwino alipo anayi, ndipo sagwirizana pa chilichonse. Yohane amaika nkhani yothamangitsa amalonda m'Kachisi kumayambiriro kwa utumiki wa Yesu, pamene Mateyu, Marko ndi Luka amaiika m'sabata yomaliza. Kumanda m'mawa wa chiukitso, Marko amatchula mnyamata mmodzi wovala zoyera, Luka amatchula amuna awiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 100, Mkhristu wina wophunzira dzina lake Tatian anaona kuti izi n'zosokoneza, ndipo analuka mabuku anayiwo kukhala nkhani imodzi yosalala, yotchedwa Diatessaron. Mipingo ya ku Syria inaliwerenga bukuli kwa zaka zambiri. Koma Mpingo wonse sunalitenge, ndipo m'zaka za m'ma 400 bishopu Theodoret anachotsa makope ake oposa 200 m'matchalitchi a dera lake n'kubwezeretsamo anayi aja. Akhristu anasankha kusunga mboni zinayi pamodzi ndi misoko yake yoonekera, m'malo mwa chithunzi chimodzi chosalala chojambulidwa pazenera limodzi. Sanatero chifukwa choganiza kuti kuli a Yesu anayi. Anatero chifukwa anazindikira kuti mboni zinayi zikangofanana mawu onse, woweruza wanzeru amayamba kukayika kuti zinapangana kuseri. Pabwalo la milandu kumudzi nzeru yake ndi yomweyi. Mfumu imamva wodandaula, woimbidwa mlandu, ankhoswe ndi mboni, ndipo imatero pofuna kupeza chimene chinachitikadi, chomwe ndi chimodzi.

Dera lino la Nkhata Bay lili ndi nkhani yakeyake imene imasonyeza bwino zimenezi, ndipo inachitika m'miyezi yomwe ija Braque ankaonetsa nyumba zake za timabokosi ku Paris. Chakumapeto kwa 1908 Elliot Kenani Kamwana, Mtonga yemwe anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe, anabwerera kwawo kuchokera ku South Africa, komwe anakumana ndi Joseph Booth n'kulandira chiphunzitso cha Watch Tower. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000, akulalikira kuti mu 1914 maufumu a dziko lino adzatha. Mu 1909 boma la atsamunda linamuchotsa m'derali, pambuyo pake anakasungidwa ku Mauritius ndi ku Seychelles, ndipo anabwerera kwawo mu 1937. Tsono Kamwana anali yani? Amishoni a ku Bandawe, omwe anakhazikika pamenepo mu 1881 motsogozedwa ndi Robert Laws, anaona munthu wotchipitsa ubatizo, womiza anthu m'madzi asanaphunzire. Boma ku Zomba linaona woukira, wolankhula zoipira msonkho. Anthu amene ankapita kukabatizidwa anaona china. Ambiri a iwo anali atakhala zaka m'makalasi a mishoni akudikira ubatizo umene sunkafika, msonkho wa nyumba ukuwafinya, amuna akuthera kumigodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni, ndipo apa panabwera mwana wa kwawo wowauza kuti khomo n'lotsegula lero lomwe. Kwa zaka zambiri chithunzi chimene chinalowa m'mabuku chinali cha amene anali ndi cholembera ndi makina osindikizira. Olemba mbiri a pambuyo, monga George Shepperson ndi Thomas Price mu 1958, ndi John McCracken mu 1977, anayamba kuika mbali zinazo pambali pa yoyamba ija, ndipo Kamwana amene anatuluka ndi wovuta kumunena m'mawu amodzi, koma ndi woona kuposa wa m'malipoti a mishoni. Komabe taonani chimene kuchuluka kwa mbali sikunasinthe. Chaka cha 1914 chinabweretsa nkhondo yaikulu, koma maufumu sanathe monga iye ananenera, ndipo zimenezi zili choncho kaya mwaima ku Bandawe, ku Zomba kapena pamchenga pamene ankabatizira. Madandaulo a anthu aja nawonso anali enieni, kaya amishoni anawamva kapena ayi. Kuzungulira munthu kumawonjezera zoona zimene tikudziwa za iye, sikusandutsa zabodza kukhala zoona.

Wotsutsa wachiwiri amachokera m'tchalitchi. Amati munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndiye kuphwanya nkhope yake, kuika diso pa tsaya ndi mphuno chopingasa, ndi kunyoza Mlengi. Pali mbali ya mawuwa imene ndikuivomereza. Akazi a mu Les Demoiselles d'Avignon sanajambulidwe mwachikondi. Muli mantha ndi ukali, ndipo amene amadziwa mmene Picasso ankakhalira ndi akazi m'moyo wake sangachiyang'ane chithunzicho ndi mtima woyera. Koma tiyeni tiufunse mwambo wa tchalitchi womwewo kuti choopsa cha zithunzi unkachiona pati. Amishoni a Free Church of Scotland anabweretsa kunyanja kuno makoma opanda zithunzi, monga tikuonera m'matchalitchi a CCAP mpaka lero, potsata lamulo lachiwiri la pa Eksodo 20. Mantha awo sanali akuti chithunzi chidzalephera kufanana. Ankaopa kuti chidzakopa mtima mpaka munthu n'kuiwala kuti ndi mtengo ndi utoto, n'kuyamba kuchigwadira. Ngati ngozi ya fano ndi imeneyo, ndiye kuti chithunzi chosalala, chodzionetsa ngati chakwana, chili pafupi ndi fano kuposa cha Braque, chimene misoko yake ili poyera ndipo chikuchita kukuuzani kuti ine ndine pepala lomata, munthu amene mukumufuna ndi wamkulu kuposa ine. Ndipo mafano oopsa kwambiri sakhala pakhoma. Amakhala m'mutu, pamene tagwira mbali imodzi ya munthu, kuti uyu ndi chidakwa, uyu ndi mfiti, uyu ndi woyera mtima, n'kuipachika ngati ndiye munthu yense. Timachitanso chimodzimodzi ndi Mulungu, wina kugwira chiweruzo chokha, wina chifundo chokha, aliyense n'kumanga mpingo pa kabowo kake. Pa Eksodo 33 ngakhale Mose sanaloledwe kuona nkhope ya Mulungu, anangoona kumbuyo, ndipo Paulo polembera Akorinto anavomereza kuti kudziwa kwathu kwa tsopano n'kwa mderamdera. Chikhulupiriro chimene chili ndi malemba otere sichiyenera kudabwa ndi chithunzi chovomereza kuti sichinaone zonse.

Wotsutsa wachitatu ndi wa kwathu kuno ku Africa, ndipo ndi amene ndimamumvera nthawi yaitali. Amati zonsezi anaba. Mu 1906 Henri Matisse anagula kachiboliboli ka anthu a Chivili a ku Congo, ndipo André Derain anali ndi chigoba cha anthu a Chifang a ku Gabon. Mu 1907 Picasso analowa m'nyumba yosungiramo zinthu za mitundu ya anthu ya Trocadéro ku Paris, momwe munaunjikidwa zigoba ndi zosema zotengedwa m'maiko olamulidwa ndi atsamunda, ndipo nkhope ziwiri za kudzanja lamanja la chinsalu chake chija n'zovuta kuzifotokoza popanda ulendo umenewo, ngakhale iye pambuyo pake ankakana. Gitala amene anapanga ndi makatoni mu 1912 ali ndi bowo lotulukira kunja ngati kachitini, ndipo nzeru imeneyi anaitenga pa chigoba cha anthu a Chigrebo a kumadzulo kwa Africa, chimene maso ake ndi timitengo totulukira kutsogolo. Amisiri a ku Africa anali atadziwa kalekale kuti chosema chingathe kunena za nkhope popanda kuikopera. Maina a Picasso ndi Braque ali m'buku lililonse, pamene maina a osema aja palibe anavutika kuwalemba. Chimenecho ndi chosalungama, ndipo pamene Museum of Modern Art inaonetsa zinthu ziwirizi moyandikana mu 1984, anthu ambiri anadzudzula kuti zosema za ku Africa zaikidwa ngati zongochitira umboni ukulu wa Azungu. Tisanamizirepo kuti zigobazo zinachokera ku Malawi, zambiri zinali za kumadzulo ndi pakati pa Africa. Komanso Atonga a kunyanja kuno alibe Gule Wamkulu, magule awo otchuka ndi malipenga ndi chilimika. Koma Mchewa aliyense amene anaonapo gule akutuluka kudambwe angathe kunena chimene anthu a ku Paris anaphonya. Chigoba sichinasemedwe kuti chikhomedwe pakhoma. Chimabwera ndi thupi lovala nsanza ndi nthenga, ng'oma zikulira, amayi akuimba, fumbi lili koboo, anthu atazungulira bwalo, aliyense akuchiona mbali yake pamene chikutembenuka, ndipo kwa eni ake chimene chabwera pabwalopo ndi chilombo, mzimu, osati munthu wovala thabwa. Ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni Centre mu 1976, zigoba mazanamazana zasungidwa pamodzi ndi maina ndi matanthauzo ake, chifukwa popanda zimenezo chigoba n'chigoba chabe. Choncho mlandu wa Picasso ndi anzake ndi wakuti anthu omwe ankaphunzitsa dziko kuzungulira chinthu, iwo eni anaima pamalo amodzi poyang'ana Africa, anatenga maonekedwe n'kusiya gule, eni gule ndi mizimu yawo. Mlanduwu ukuwatsutsa iwo, koma muyeso umene tikuwatsutsirawo ndi womwe uja anauika pansalu, ndipo umakhalabe woona ngakhale mwini wake anaulakwira.

Patsala funso limodzi, lochokera mbali ina. Ngati kuona mbali zonse nthawi imodzi ndi kwa Chauta yekha, kodi Cubism sikunali kudzikuza, munthu kufuna diso la Mulungu? Mwina ena mwa otsatira ake analota zotero, makamaka aja ankakonda kulankhula za masamu ndi miyeso yosaoneka. Koma zimene zinachitika pansalu zikuphunzitsa zosiyana. Pamene Picasso ndi Braque ankawonjezera mbali, chithunzi chinkanka chiderako, mitundu inazilala, ndipo chinthu chinatsala pang'ono kutayika. Anapeza ndi manja awo kuti munthu sangasenze mbali zonse. Pambuyo pa 1912 anayamba kusankha: mzere umodzi wokhota woimira chiuno cha gitala, zilembo zitatu zoimira nyuzipepala yonse, kabwalo koimira kamwa la kapu. Juan Gris, yemwe anamwalira mu 1927 ali ndi zaka 40 zokha, ndiye anafika patali m'luso losankhali, ndipo zithunzi zake n'zoyera ndi zodekha kuposa za anzake. Kusankha kumeneku ndiko gawo la munthu. Sitingaime paliponse, nthawi yathu ndi yochepa, ndipo mlandu uyenera kugamulidwa dzuwa lisanalowe ngakhale mboni zina sizinafike. Chimene tingathe ndi kuyenda mbali zingapo tisanagamule, kunena poyera pamene tinaima, ndi kusiya mpata woti wobwera pambuyo aonjezere. Vuto limene Cubism sinathetse, ndipo sindikhulupirira kuti luso lililonse lingathetse, ndi lakuti wosankha mbalizo ndi munthu yemweyo wokhala ndi zokonda zake, ndipo angathe kuzungulira chinthu katatu n'kutolabe zokhazo zimene ankafuna kupeza.

Mgwirizano wa Picasso ndi Braque unatha mu Ogasiti 1914, pamene Braque anaitanidwa kunkhondo. Anavulala kwambiri m'mutu mu 1915, ndipo atachira anapitiriza yekha, mwakachetechete, mpaka imfa yake mu 1963. Picasso, pokhala nzika ya Spain, sanapite kunkhondo, ndipo chimene anachita pambuyo pake chinakhumudwitsa otsatira ake ambiri. Mu 1915 anayamba kujambulanso nkhope za anzake ndi pensulo, zofanana bwinobwino monga ankachitira akale. Ena anati wathawa nkhondo ya kajambulidwe imene anaiyamba yekha. Koma sanasiye Cubism. M'chilimwe cha 1921, ku Fontainebleau, anapenta oimba atatu opangidwa ndi timagawo tamitundumitundu tophwatalala, ndipo m'miyezi yomweyo, m'chipinda chomwecho, anapentanso akazi atatu ali pachitsime, a matupi odzaza ndi nkhope zosaphwanyika. Zenera la Alberti sanaligwetse, analitsitsa paudindo wokhala njira yokhayo yoonera n'kulisiya kuti likhale imodzi mwa njira zingapo, ndipo anagwiritsa ntchito zonse ziwiri mpaka pamene anamwalira mu 1973.